Pepala la ku labu likabwera usiku, dotolo wacinyamata acitanji?

Aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'cipatala adziwa cimene cicitika magazi akatengedwa. Banja lonse lidikira pepala la ku labu monga mlimi adikirira mvula yoyamba. Pepalalo likafika, ambiri aganiza kuti nkhani yatha, makina anena ndipo cotsala ndi kupereka mankhwala cabe. Koma kwa ife amene tigwira nchito m'mawodi, kufika kwa pepala ndiko kuyamba kwa nchito yovuta. Ndipo munthu amene ayamba kuliwerenga, maka-maka usiku ndi pa masiku a Ciweru ndi Sondo, kawiri-kawiri sakhala dotolo wamkulu wa imvi ai. Akhala mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza kumene maphunziro ace.

Dziko lathu linayamba kuphunzitsa madotolo ace pa sukulu ya University of Zambia mu 1966, ndipo mu 2011 Copperbelt University nayo inatsegula sukulu yace ya udotolo ku Ndola. Lero masukulu otere aculuka. Wophunzira akatsiriza, bungwe la Health Professions Council of Zambia limpatsa cilolezo coyamba cogwira nchito moyang'aniridwa ndi akulu-akulu, ndipo azungulira m'mawodi a ana, a azimai oyembekezera, a opareshoni ndi a matenda a akulu, m'zipatala monga UTH, Levy Mwanawasa, Ndola, Kitwe, Livingstone ndi Chipata. Mabuku awadziwa bwino. Cimene cikali kumsowa ndi maso ozindikira kuti namba iyi ndi yoopsa, iyi ndi yabodza, iyi ingadikire mpaka kuce.

Usiku uwiri umene sindiiwala

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. M'miyezi yanga yoyamba pa cipatala cina cacikulu, nthawi itapitirira 01:00 koloko usiku, anandibweretsera zotulukapo za bambo wina amene anali kudikira opareshoni yaing'ono m'mawa mwace. Mcere wa m'magazi wochedwa potassium unali pa 7.1. Mwa munthu wabwino-bwino mcere umenewu ukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo ukakwera kwambiri uimitsa mtima mosacenjeza. Mtima wanga unagunda. Ndinatenga colembera kuti ndilembe insulin ndi madzi a shuga, amene ndiwo mankhwala otsitsira potassium mwamsanga.

Asisita oyang'anira wodi, mai amene anagwira nchito zaka zoposa za kubadwa kwanga, anandiyang'ana nati, "A dotolo, kodi odwalawo mwawaona?" Ndinacita manyazi cifukwa ndinali ndisanapite ku bedi. Titafika tinapeza bambo uja ali m'tulo tabwino, mtima ugunda bwino, mkodzo ataya monga mwa masiku onse, ndipo sanali kumwa mankhwala alionse okweza potassium. Tinapima mtima ndi makina a ECG, zonse zinali bwino. Apo ndipo ndinakumbukira kuti madzulo aja ndinavutika kupeza mtsempha, ndinamanga mkono nthawi yaitali ndi kukoka magazi mwamphamvu ndi singano yaing'ono. Zikatero maselo ofiira a magazi asweka ndi kutayira potassium wao m'kabotolo. Tinatenganso magazi ku mkono wina, ndipo namba inabwera ili 4.2. Ndikanapereka insulin ija, ndikanagwetsa shuga wa munthu amene analibe vuto ndipo anali wosadya kaamba ka opareshoni.

Patapita milungu ingapo ndinalakwa mbali inayo. Mai wina anagonekedwa ndi malungo akulu, ndipo potassium wace anabwera ali pa 6.8. Ndinati mumtima, zija zabweranso, magazi asweka. Ndinalemba kuti atengenso magazi ena ndipo ndinapita ku wodi ina. Maola awiri anatha. Pobwerera ndinafunsa mlamu wao amene anali kuwadwazika, ndipo anandiuza kuti mkodzo wao unali wakuda ndi wocepa kuyambira dzulo lace. Impso zinali zitaleka kugwira nchito, ndipo namba ija inali yoona. ECG inaonetsa kuti mtima wayamba kale kuvutika. Ndinaimbira foni dotolo wamkulu, tinapereka calcium woteteza mtima, insulin ndi shuga, ndipo mai uja anapulumuka. Koma maola awiri aja akanatha kumtengera kumanda, ndipo colakwa cikanakhala canga.

Usiku woyamba ndinakhulupirira pepala osaona munthu. Usiku waciwiri ndinakana pepala, osaonanso munthu. Mankhwala a zolakwa zonse ziwiri anali amodzi: kunyamuka pa mpando, kupita ku bedi ndi kufunsa mafunso.

Kodi namba yabwino ndi iti?

Pa pepala la ku labu, pambali pa namba ya wodwala pakhala namba zina ziwiri zosonyeza malire. Owerenga ambiri aganiza kuti amene ali kunja kwa malire adwala basi. Si tero ai. Malire amenewa apezeka popima anthu ambiri athanzi ndi kutenga 95 mwa 100 alionse amene ali pakati. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 20 athanzi apezeka kunja kwa malire cikhalirenico alibe nthenda. Ndipo mukapima zinthu 20 zosiyana mwa munthu mmodzi wathanzi, masamu aonetsa kuti mwai wopeza cimodzi cili kunja kwa malire ufika pafupi-fupi 64 mwa 100. N'cifukwa cace dotolo wanzeru sapima ciliconse cimene makina angathe kupima. Apima cimene cidzamthandiza kusankha cocita.

Cina n'cakuti malire ambiri olembedwa m'mabuku anacokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2009, wopima anthu athanzi ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi kuno ku Zambia, anaonetsa kuti anthu athu ambiri ali ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocepa poyerekeza ndi malire a kunja, koma ali bwino-bwino. Dotolo wosadziwa zimenezi angaopseze banja kapena kuimitsa mankhwala ofunika popanda cifukwa.

Malire asinthanso malinga ndi munthu. Mlingo wa magazi umene ticha Hb uyenera kukhala 13 kapena kuposa mwa mwamuna, 12 mwa mkazi, ndipo 11 mwa mai wapakati. Mwana wa nthenda ya sickle cell akhala masiku onse ndi Hb ya pakati pa 6 ndi 9, ndipo kumuika magazi nthawi iliyonse pamene namba yaoneka yocepa kumuononga m'malo momthandiza. Mbali inayo, mai wapakati ayenera kukhala ndi creatinine wotsika kuposa wa anthu ena, cifukwa impso zace zisefa magazi ambiri. Motero namba imene ioneka yabwino pa pepala ingakhale cizindikiro cakuti impso za mai uja zayamba kuvutika. Namba yosafiira nayonso inganame.

Kodi magaziwa ndi a munthu ameneyu?

Funso loyamba limene dotolo wacinyamata ayenera kudzifunsa lioneka lacibwana, koma lapulumutsa miyoyo yambiri. M'wodi imodzi mungagone a Phiri atatu, a Banda awiri ndi a Tembo awiri, ena maina oyamba ofanana. Botolo likalembedwa kutali ndi bedi, kapena mabotolo asanu akalembedwa pamodzi pa tebulo, magazi a wina abwera ndi dzina la mnzace. Ngati Hb ya munthu inali 12 dzulo ndipo lero ili 6 koma sanataye magazi, zikhatho ndi maso ace n'zofiira bwino, yambani mwakayikira botolo. Lamulo n'lakuti botolo lilembedwe pa bedi pomwepo, ndi dzina lonse, namba ya fayilo ndi nthawi.

Funso laciwiri n'lakuti magazi anatengedwa motani. Akatengedwa ku mkono umene uli ndi dilipi asakanizika ndi madzi, ndipo ngati m'dilipimo muli shuga, pepala lionetsa shuga wokwera kwambiri mwa munthu amene alibe nthenda ya shuga. Mabotolo naonso asiyana. La citsekero cofiirira ngati maluwa a jakaranda lili ndi mankhwala oletsa magazi kuundana amene ali ndi potassium. Wina akathira magazi kucoka m'botolo limeneli kupita m'linzace, potassium akwera ndipo calcium atsika zedi. Dotolo wozolowera akaona namba ziwirizi zili tero pamodzi, adziwa msanga cimene cacitika.

Nthawi nayo isintha magazi. Botolo likakhala maola ambiri lisanapimidwe, shuga atsika cifukwa maselo apitiriza kudya, ndipo potassium akwera. Zimenezi zicitika kwambiri pa magazi ocokera ku makiliniki akutali, ndiponso pa nthawi ya kuzima-zima kwa malaiti monga tinaonera mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba kaamba ka cilala. Komabe, kukayikira botolo si cilolezo cokagona. Ngati namba ndi yoopsa, mupimanso mwamsanga uku mukuyang'anira wodwalayo ngati kuti nambayo ndi yoona.

Namba zimene sizidikira kuca

Pali zotulukapo zocepa zimene dotolo aliyense ayenera kuzithamangira. Yoyamba ndi shuga wotsika. Munthu wokomoka, wosokonezeka mutu kapena mwana wogwidwa ndi linjirinjiri ayenera kupimidwa shuga pa cala nthawi yomweyo, cifukwa ubongo ukakhala nthawi yaitali wopanda shuga uonongeka osabwereranso. Malungo akulu atsitsa shuga, ndipo kwinini amene tinali kugwiritsa nchito kwambiri kale anali kuutsitsanso. Kuyambira pamene artesunate analowa m'malo mwace vutoli lacepa, koma silinathe.

Yaciwiri ndi potassium, wokwera kapena wotsika. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la Heroes Stadium mu Lusaka linasandutsidwa cipatala mu Januwale 2024, madotolo acinyamata ambiri anaona ndi maso ao mmene kutsegula m'mimba kucotsera madzi ndi mcere m'thupi. Wodwala wa kolera angabwere ndi creatinine wokwera kaamba ka kutha madzi, ndipo akalandira madzi okwanira msanga impso zibwerera. Koma potassium wace angatsike pamene akulandira dilipi, n'cifukwa cace timlimbikitsa kumwa madzi a ORS akangotha kumwa, popeza muli mcere umenewu.

Yacitatu ndi kucepa kwa magazi mwa mwana. Mwana wa malungo amene Hb yace yatsika pansi pa 4 afunika magazi mosacedwa, ndipo amene ali pakati pa 4 ndi 6 awafunanso ngati akupuma movutikira. Apa namba ndi maso a dotolo ziyendera pamodzi.

Koma palinso namba yoopsa imene siifuna phuma. Mcere wa sodium ukhala pakati pa 135 ndi 145, ndipo utsika kawiri-kawiri mwa odwala TB, maka-maka ikalowa ku ubongo, ndi mwa okalamba amene akumwa mankhwala ena a BP. Dotolo wamantha akaona 115 afuna kuikweza usiku womwewo kuti pepala la m'mawa lioneke bwino. Kukweza sodium mofulumira, kupitirira pafupi-fupi 10 pa tsiku limodzi, kungaononge ubongo mpaka munthu kulemala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Matenda athu ndi mapepala ao

Kapimidwe ka malungo ka pa cala kathandiza kwambiri m'midzi, koma kali ndi cinsinsi cace. Kangapitirize kuonetsa mizere iwiri kwa milungu ingapo munthu atacira kale, cifukwa kapeza zotsalira za tizilombo m'magazi. Mwana amene anamwa Coartem masiku khumi apitawo ndipo wabweranso thupi lili moto, mizere iwiriyo siitanthauza kuti ndi malungo basi. Cingakhale cibayo, nthenda youmitsa khosi kapena tizilombo tina m'magazi. Dotolo ayenera kumpima mwanayo thupi lonse ndi kupempha kuti magazi aonedwe pa maikulosikopu.

Cimodzi-modzi ndi kapimidwe ka Widal kamene anthu ambiri akhulupirira kuti kaonetsa typhoid. Kuno kwathu, kumene anthu akumana ndi tizilombo ta mtundu umenewu kuyambira ubwana, Widal aonetsa kuti nthenda ilipo mwa anthu ambiri amene alibe. Ambiri amwa mankhwala a milungu iwiri pacabe pamene nthenda yeni-yeni ikukula. Makina a GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization linawavomereza mu 2010, apeza TB m'makhololo m'maola ocepa, koma apezanso tizilombo takufa. Motero sagwiritsidwa nchito poona ngati munthu amene ali pa mankhwala wacira.

Ku mbali ya HIV, Zambia inayamba kupereka tenofovir monga mankhwala oyambira mu 2007, ndipo mankhwalawa angavutitse impso mwa anthu ena, cifukwa cace tipima creatinine. Kuyambira mu 2018 odwala ambiri anasamutsidwira ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa akweza creatinine pang'ono m'milungu yoyamba, kenaka namba iima pamenepo, koma impso zili bwino. Dotolo wosadziwa angasinthe mankhwala abwino popanda cifukwa, ndipo wina wozolowera kunena kuti ndi dolutegravir cabe angaphonye impso zimene zikuonongekadi. Cosiyanitsa n'cakuti kukwera koopsa kupitirira mwezi ndi mwezi.

Viral load yoposa 1,000 siitanthauza kuti mankhwala aleka kugwira nchito nthawi yomweyo. Coyamba ndi kukhala pansi ndi wodwala, kumva ngati akumwa bwino, kumthandiza kwa miyezi itatu ndi kupimanso. CD4 yocepera 200 itiuza kuti tifunefune TB ndi nthenda ya cryptococcus ngakhale munthu akuyenda yekha. Ndipo wodwala TB amene namba ya ciwindi yochedwa ALT yakwera kasanu kuposa malire, kapena katatu uku akusanza ndi maso acikasu, ayenera kuimitsidwa mankhwala ndi kuonedwa ndi dotolo wamkulu tsiku lomwelo.

Safunsa anadya phula

Cida cacikulu ca dotolo powerenga pepala la lero ndi pepala la dzulo. Creatinine wa 180 mwa munthu amene wakhala pa 175 kwa zaka ziwiri ndi nkhani ina, koma 180 mwa munthu amene anali pa 70 Lolemba ndi ngozi. Namba imodzi ili ngati cithunzi ca munthu ali pa njira, siikuuzani ngati akupita kapena akubwera.

Cida caciwiri ndi foni. Madotolo acinyamata ambiri aopa kudzutsa akulu ao usiku, poopa kukalipiridwa kapena kuonedwa ngati osadziwa nchito. Ine ndinena kwa ang'ono anga kuti kukalipiridwa kutha m'mawa, koma maliro sabwezeka. Poimba foni konzekani: dzina ndi zaka za wodwala, cimene anabwerera, namba ya lero ndi ya kale, mmene alili pa bedi, cimene mwacita ndi cimene mufuna. Ndipo kwa anzanga akulu-akulu ndinena kuti dotolo wamng'ono amene mwamnyoza usiku uno sadzakuimbiraninso, ndipo amene adzalipira ndi wodwala. Anamwino, a clinical officer ndi anzathu a ku labu naonso ndi aphunzitsi. Wa ku labu ndiye aona ndi maso kuti magazi a m'botolo asweka, ndipo mau ace amodzi pa foni aposa tsamba lonse la buku.

Coopsa cina ndi pepala limene palibe analiwerenga. Dotolo wa usana atumiza magazi, aweruka, wa usiku sadziwa, ndipo pepala ligona m'bokosi mpaka Lolemba. Amene watuma magazi ndiye mwini wa zotulukapo. Ngati aweruka zisanabwere, auze mnzace ndi kulemba m'fayilo. Zipatala zathu zonse ziyenera kukhala ndi mndandanda wa namba zoopsa wopacikidwa ku labu ndi m'mawodi, kuti namba yotere ikatuluka wa ku labu aimbe foni nthawi yomweyo ndi kulemba dzina la amene walandira uthenga. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ndipo tiyamikira, koma dotolo mmodzi akasiyidwa ndi mawodi atatu usiku, ngakhale wanzeru motani adzaphonya kanthu. Mankhwala a m'makina a ku labu naonso asamathe, pakuti palibe phindu kuuza dotolo kuti apimenso pamene copimira palibe.

Mau kwa odwala ndi owadwazika

Inu abale amene mukhala pambali pa bedi, muli ndi mbali yanu. Sungani makadi ndi mapepala onse akale ndipo muziwanyamula popita ku cipatala. Uzani dotolo mankhwala onse amene wodwala akumwa, a ku kiliniki, ogula ku kemisiti, a ululu ndi acikuda omwe. Sitifunsa kuti tikudzudzuleni ai, koma cifukwa ena mwa mankhwalawa avutitsa impso ndi ciwindi, ndipo asintha namba zimene tikuwerenga. Penyetsetsani mkodzo, kadyedwe ndi kalankhulidwe ka wodwala, pakuti mau a mlamu uja ndiwo anatsegula maso anga usiku uja.

Dotolo akanena kuti atenganso magazi, musaganize kuti sadziwa nchito kapena kuti afuna kutha magazi a m'bale wanu. Kawiri-kawiri ndiye kuti akusamala. Ndipo muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu mafunso atatu: kodi zotulukapo zabwera, zitanthauza ciani, ndipo cotsatira n'ciani? Ngati mwatulutsidwa zina zisanabwere, funsani tsiku ndi malo okazitengera. Funso lanu lingakhale limene lidzacititsa kuti pepala logona m'bokosi liwerengedwe nthawi ikalipo.